Ndigule makina okumbira pangongole kapena ndizingobwerekabe? Ana anga sakundiona

Bambo a Yamikani

Moni nonse muno. Ine ntchito yanga ndi ya pansi: kukumba maziko a nyumba zing'onozing'ono, ngalande za mapaipi, ndi kuyala mabuloko pabwalo ndi polowera galimoto. Ndili ndi mnyamata mmodzi amene timagwira naye tsiku ndi tsiku, wina ndimamuitana ntchito ikakula. Kompakita (makina opondera miyala ndi dothi kuti zilimbe), galayinda, mawilibala ndi zida zonse zam'manja ndi zanga. Chimene ndilibe ndi makina okumbira. Pakakhala pokumba pambiri ndimabwereka ka Kubota ka tani imodzi ndi theka, kolipira pa tsiku.

Kamakinako kakangotsika pa tirela, tsikulo si langanso. Popeza ndalipira tsiku lonse, ndimakumba mpaka mdima, nthawi zina tikuunikira ndi magetsi a galimoto kuti ndimalize ngalande asanabwere kudzakatenga. Mvula ikagwa masana, ndalama ya tsikulo yapita. Eni ake akakalonjeza kwa munthu wina, ine ndimadikira, ntchito n'kukankhikira Loweruka, mwinanso Lamlungu. Kunyumba ndimafika ana atagona. Wamkulu wayamba sukulu chaka chino, ndipo za m'makope ake ndimangomva kwa amayi ake. Wamng'ono akuyamba kumene kuyenda, koma tsiku limene anaponya phazi loyamba ndinaona pa foni ndili m'dzenje. Amayi akunyumba nawonso amagwira ntchito, ndiye zonse za madzulo zimagwera iwo okha, atatopa kale. Zimenezi zikundidya mumtima.

Tsopano pali wina akugulitsa kamakina kofanana ndi kamene ndimabwerekaka, kogwirapo kale ntchito, kayenda maola oposa 3,000. Ndalama yonse ndilibe, ndiyenera kutenga ngongole ya zaka 3. Ine ndikuona kuti ndikakhala ndi kanga ndidzaweruka nthawi imene ndafuna, chifukwa palibe wodzakalanda madzulo. Amayi akunyumba akukana. Akuti nthawi yoweruka idzatchulidwa ndi ngongoleyo, osati ine.

Inu amene munadutsamo, kugula makina kunakubwezerani nthawi ya banja kapena kunakulandani? Ndipo ngati n'kugula, ndiyang'ane chiyani pa kamakina kakale?

Mkulu wa Maziko

Achimwene, alamu athuwo musawatsutse msanga. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyi, ndakhalapo ndi makina anga, ndabwerekaponso. Ngongole ya makina ili ngati mwana wakhanda, sidziwa kuti lero ndi Lamlungu. Mwezi wamvula, umene mwakhala pansi masabata awiri, imafuna ndalama yomweyo. Ndipo mukamawerengera musaone mtengo wa makina okha. Kamakina kotchedwa ka tani imodzi ndi theka, mukaphatikiza mabaketi ake ndi tirela, katunduyo amapitirira matani awiri. Kodi galimoto yanu ingakoke zimenezo bwinobwino, n'kuima pamtsetse? Pali inshuwalansi, pali malo okasungako usiku poti timakina timeneti akuba amatikonda, pali oyilo ndi mafyuluta pa maola amene buku lake lanena, pali girisi wa m'mapini tsiku lililonse. Paipi ya hayidiroliki ikaphulika pa makina obwereka mumangoimba foni. Ikaphulika pa anu, madzulo amenewo muli pansi pa makina ndi sipanala.

Za kamakina kakale, pitani m'mamawa injini isanalizidwe, muikhudze ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, ndiye muone utsi wake poyamba kulira. Tambasulani mkono wonse, mugwedeze baketi ndi manja, muone ngati mapini akuseweramo. Kanikizani baketi pansi mpaka makina atukuke mbali imodzi, muone matiraki, malamba amene makina amayendera, ngati ang'ambika ndiponso ngati chozungulira chimene thupi la makina limatembenukirapo chili ndi mpata. Yang'anani ndodo zonyezimira za hayidiroliki ngati zikuchucha oyilo kapena zakandika. Nambala ya maola musaikhulupirire yokha, iyerekezeni ndi mmene mpando ndi zopondera zathera. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsayo.

Koma chimene ndikufuna muganizire kwambiri ndi ichi: kodi n'zoona kuti chimene chimakugonekani kuntchito ndi makina? Tengani polowera galimoto pa masikweyamita 50. Mukumba masentimita 25: a miyala yophwanya 15, a mchenga 4, a buloko 6. Dothi lotuluka pamenepo ndi makyubikimita 12 ndi theka lili pansi, koma likakumbidwa limafufuma, n'kufika cha m'ma 16, ndipo kulemera kwake ndi matani 20 kapena kuposa. Kukumbako kamakina kamatha theka la tsiku. Chimene chimadya tsiku ndi kudikira lole yochotsa dothi, kenako kudikira miyala yoposa matani 15 imene iyenera kulowa pomwepo. Ndaona anyamata ambiri atakhala pa makina ozimitsa kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko chifukwa alibe potaya dothi, kenako n'kumakumba usiku. Ine ndimayamba kupangana ndi wa lole ndi wa miyala, tsiku la makina limabwera pambuyo. Pambuyo pake pali mabuloko 2,500 oti ayalidwe ndi manja, poti a masentimita 20 ndi 10 amalowa 50 pa sikweyamita, ndipo pamenepo makina okumbira alibe nawo gawo.

China chimene chimaba Loweruka la anthu a ntchito yathu ndi kubwerera kukakonza kwaulere. Kasitomala akaimba kuti pamene pamaima mateyala palowa pansi, simungakane. Kawirikawiri chimakhala kuti miyala inathiridwa yonse kamodzi n'kupondedwa pamwamba pokha. Kompakita yaing'ono sifika pansi pa masentimita 15. Thirani theka, pondani, thirani theka lina, pondaninso. Pa dothi la makande yalani kaye nsalu ija ya geotextile kuti miyala isamire. M'mbali mukhale konkire yogwira mabuloko akumapeto, apo ayi galimoto ikamakhota amayamba kumwazikana. Pakhale kutsetsereka kwa sentimita imodzi pa masentimita 60 aliwonse, madzi azithawa nyumba. Podutsa galimoto yalani mopingasa ngati minga ya nsomba, muja amati herringbone, chifukwa mabuloko amamangana, ndipo mchenga wa m'mipata ukhale wouma, muuthire tsiku lopanda mvula. Ntchito yotero simuibwereranso.

Mayi a Takondwa

Bambo a Yamikani, ine sindiyendetsa makina, koma bambo a kwathu ndi a ntchito yomweyi ndipo mabuku awo ndimasunga ndine. Ndilankhula monga munthu amene amadikira kunyumba.

Kwathu makina alipo, ndipo sindinganene kuti anabweza nthawi kapena analanda. Chimene chinasintha zinthu ndi malamulo amene tinagwirizana awiri. Kukayeza malo ndi kulemba makoteshoni kuli ndi madzulo ake amodzi pa sabata, osati tsiku lililonse munthu akaimba. Poyamba ankafika kunyumba thupi lokha, maso ali pa foni, akuwerengera mabuloko a munthu wina pamene mwana akuwaonetsa chimene wajambula. Kufika msanga kotero kulibe phindu. Chinanso, ntchito siyamba popanda dipoziti yokwanira kugula miyala, mchenga ndi mabuloko. Mukagula ndi ndalama ya m'nyumba, kasitomala n'kuchedwa kulipira, mumakakamizika kulandira ntchito iliyonse ya Lamlungu kuti mutseke dzenjelo.

Mukagula, ganiziraninso kumene kamakinako kazikagona. Makina akakhala pakhomo ana amawaona ngati choseweretsa. Baketi izitsitsidwa mpaka pansi, kiyi azichotsedwa n'kusungidwa kumene mwana sangafike, ndipo mwana asakwere pamiyendo panu makina akulira, ngakhale alire bwanji. Pokweza ndi potsitsa pa tirela ana akhale m'nyumba, wina akuwayang'ana. Wanu amene wayamba kuyendayo ndi wamfupi kuposa tiraki, muli pampando simungamuone.

Ndipo chonde samalani thupi, poti nalonso ndi la banja. Fumbi loyera limene limatuluka podula mabuloko ndi galayinda lili ndi silika, amene amawononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo matenda ake a silicosis alibe mankhwala ochiza. Dulani mukuthira madzi, muvale chophimba mphuno chenicheni chosefa fumbi, osati kansalu. Ovolosi muzivulira panja musananyamule mwana, ichapidwe payokha. Bambo a kwathu nyengo yozizira zala zawo zimayera n'kuchita dzanzi chifukwa cha kunjenjemera kwa kompakita ndi chophwanyira konkire. Ndinawaona tsiku lina akulimbana ndi batani la malaya a mwana, zala zikukana kugwira, mwana ataima phee akudikira. Muzisinthana ndi mnyamata wanuyo pa zida zonjenjemera, musagwire nokha tsiku lonse.

Wa Baketi

Akuluakulu anena zambiri zoona, koma ine ndili mbali ya kugula. Makina obwereka amakukakamizani kuganiza za tsiku lathunthu. Anu amakulolani kulandira tintchito ta maola atatu: dzenje la madzi oipa, kuzula chitsa, kusalaza poika thanki. Ine ndimakumba m'mawa, masana ndili pageti la sukulu. Komanso omanga anzanu akadziwa kuti muli nako amakuitanani inu ndi makina omwe, ndipo tsiku lokhala pampando silithyola msana ngati tsiku logwada pa mabuloko. Zaka zikamapita mawondo adzakufunsani.

Ngati mugula, onani kuti matiraki ake amabwerera mkati. Ena a saizi imeneyo amapanikizika mpaka kuchepera pang'ono mita imodzi, ndiye amalowa m'mageti opapatiza kumene ena amabwerera. Ndipo pa ndalama yomweyo muikepo ya kachipangizo kofufuzira mawaya a pansi. Makina akakhala anu, waya wa magetsi kapena paipi imene mwadula ndi mlandu wanu. Pafupi ndi mawaya kumbani ndi fosholo. Mnyamata wanunso asalowe mu ngalande yakuya yosatchinjiriza m'mbali pofuna kufulumira, kyubikimita imodzi ya dothi imatha kulemera kuposa tani imodzi ndi theka.

Bambo a Yamikani

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga pamodzi ndi amayi akunyumba. Tinatenga kope la chaka chatha n'kuyang'ana masiku amene ndinabwereka makina. Aunjikana m'miyezi yopanda mvula, miyezi ina kope lili mbee. Tinaonanso kuti masiku ambiri amene ndinafika usiku ndi amene lole ya dothi inachedwa, monga mwanenera akulu. Mayi a Takondwa, za ovolosi zayamba kale dzulo, ndakhoma msomali panja.

Komabe zimene anena a Wa Baketi zandikhudza, chifukwa tintchito tating'ono timeneto ndimatikana nthawi zonse, ndipo kukatenga mwana kusukulu ndi chimene ndikulakalaka. Kodi pali njira yodziwira ngati ngongoleyo ndingaikwanitse popanda kugwira Loweruka ndi Lamlungu, ndisanasaine chilichonse?

Mkulu wa Maziko

Ilipo achimwene, ndipo siifuna kusaina. Funsani obwereketsa ndalamawo kuti pa mwezi muzidzapereka zingati. Onjezanipo ya inshuwalansi, ya malo osungira ndi ina ya zowonongeka, kenako chotsanipo imene mukuperekabe kwa eni makina mwezi umenewo. Yotsalayo muziika padera mwezi uliwonse, pa akaunti imene alamu akuiona, mukugwira Lolemba mpaka Lachisanu basi. Muyambe tsopano, mudutse nayo nyengo yamvula yonse. Ikapezeka mwezi ndi mwezi popanda kukhudza ya chakudya ndi ya sukulu, gulani, ndipo mudzakhala muli kale ndi ndalama yambiri yoyambira, ngongole n'kufupika. Mwezi umene yasowa, lembani chifukwa chake m'kope. Kamakina kamene mwaonako mwina kadzakhala katagulidwa, koma ta saizi imeneyo timagulitsidwa nthawi zonse.

Pakadali pano pitani kwa amene mumabwerekako mukafunse mtengo wa sabata yathunthu. Ambiri amatsitsa kwambiri poyerekeza ndi kulipira tsiku ndi tsiku. Ndiye sanjani ntchito ziwiri kapena zitatu kuti kukumba kwake kugwere sabata imodzi, tintchito tating'ono tija n'kulowa m'mipata. Makina a sabata sakuthamangitsani madzulo, mvula ikagwa Lachiwiri mumakumba Lachitatu. Pa koteshoni iliyonse lembani nthawi yoyamba ndi yoweruka, ndiponso kuti Lamlungu simugwira, kasitomala asaine akudziwa. Amene akufuna Loweruka alipire mtengo wa Loweruka, ndipo musanavomere muyambe mwafunsa alamu.