Ngati timapulumuka mwa chisomo, ntchito zathu zili ndi gawo lanji?

Mayi NaMwale, ku Mponela:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha amene munaphunzira zaumulungu kapena mwakhalitsa pa utsogoleri wa mpingo kuti mundithandize pa funso ili. M'kalasi tinaphunzitsidwa kuti munthu amapulumuka mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, ndipo kuti chipulumutsocho ndi mphatso ya Mulungu osati malipiro a ntchito zathu, monga Paulo akunenera pa Aefeso 2:8-9. Koma zimene ndimamva pamaliro zimakhala ngati zikuphunzitsa zina. Mkulu wa mpingo akaimirira kuti awerenge mbiri ya malemu, amatchula chaka chimene anabatizidwa, chaka chimene analowa m'bungwe la amayi, ndiponso kuti pa khadi lawo la zopereka palibe mwezi wotsalira, kenako amamaliza ndi mawu akuti, "Ife tikudziwa kumene mayi athuwa apita." Akamwalira munthu amene anali pachilango, mwambo umakhala wachidule, amayi savala yunifomu, ndipo pobwerera kuchokera kumanda anthu amanong'onezana kuti ameneyo watayika.

Tsono ngati chipulumutso ndi mphatso, khadi likuwerengedwa chifukwa chiyani? Ndipo ngati ntchito zilibe gawo lililonse, Yakobo ankatanthauza chiyani pamene analemba kuti chikhulupiriro chopanda ntchito ndi chakufa?

A Phiri, mkulu wa mpingo, ku Dedza:

Mayi NaMwale, funso lanuli linagawanitsa akhristu zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo mbali yaikulu ya mkanganowo inachitikira pa nthaka ya Africa. Kunali mphunzitsi wina dzina lake Pelagius, wochokera ku Britain, amene anakhala zaka zambiri ku Rome. Anali munthu wodziletsa kwambiri, ndipo chimene chinkamupweteka mtima chinali kuona akhristu a mumzindawo akukhala motayirira n'kumanamizira kufooka kwa thupi. Iye pamodzi ndi wophunzira wake Celestius ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chinthu chimene munthu sangathe kuchita, kuti mwana amabadwa wopanda banga monga analili Adamu asanachimwe, ndipo kuti tchimo limafala chifukwa chotsanzirana basi. Pelagius sankakana chisomo, koma kwa iye chisomocho chinali ufulu wosankha umene Mulungu anatilenga nawo, chilamulo chotiunikira, chitsanzo cha Khristu ndi chikhululukiro cha machimo akale. Zotsalazo zinali m'manja mwa munthu mwini.

Amene anamutsutsa mwamphamvu anali Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ukutchedwa Annaba m'dziko la Algeria. Potsamira pa Aroma 5:12 ndi Aroma 7:18-19, iye anati vuto la munthu si kusadziwa chabwino, pakuti ambiri timachidziwa, koma kuti chifuniro chenichenicho chinapotoka, kotero kuti munthu amakonda chimene akudziwa kuti chikumuwononga. Munthu wotere kumuonjezera malamulo sikumuchiritsa, chifukwa akufunika chisomo chogwira ntchito mkati mwake, chosintha zimene mtima wake ukukonda. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage m'chaka cha 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo msonkhano wa ku Efeso m'chaka cha 431 unatsimikizira zomwezo.

Ife a Sinodi ya Nkhoma tinalandira Katekisma wa Heidelberg wa m'chaka cha 1563 kudzera mwa amishoni a Dutch Reformed Church amene anayamba ntchito pa Mvera m'chaka cha 1889, ndipo ndikufuna muonetsetse momwe katekismayu anasanjidwira, chifukwa yankho lanu lili m'kasanjidwe kameneko. Ali ndi magawo atatu: loyamba likunena za kukula kwa tchimo ndi tsoka lathu, lachiwiri za kuomboledwa kwathu, ndipo lachitatu za kuthokoza. Malamulo Khumi afotokozedwa limodzilimodzi m'gawo lachitatulo, munthu ataomboledwa kale, osati m'gawo lachiwiri ngati njira yopezera chiombolo. Olemba ake anadziwiratu kuti wina adzafunsa ngati chiphunzitso chotere sichichititsa anthu kukhala osasamala, ndipo funso la 64 likuyankha kuti n'zosatheka kuti munthu womezanitsidwa mwa Khristu ndi chikhulupiriro choona alephere kubala zipatso za kuthokoza. Amene munamezanitsapo mango mukudziwa kuti kamtengo kodulidwa kaja sikayamba kabala kuti kaloledwe kulowa pa tsinde. Kamamangiriridwa kali kouma maonekedwe, kopanda tsamba, ndipo ngati kagwira, madzi a tsinde ndi amene amakabalitsa. Ngati papita nyengo zingapo popanda mphukira, mumadziwa kuti sikanagwire.

Paulo ndi Yakobo onse awiri akutchula Abrahamu ndi Genesis 15:6, koma akuyankha mafunso osiyana. Paulo pa Aroma 4 akuonetsa kuti Abrahamu anayesedwa wolungama asanadulidwe n'komwe, pofuna kutseka pakamwa amene ankati mdulidwe ndi chilamulo ndizo khomo lolowera kwa Mulungu. Yakobo akuloza pa Genesis 22, patapita zaka zambiri, pamene Abrahamu anapereka Isake, pofuna kudzudzula munthu amene amavomereza ndi pakamwa kuti Mulungu ndi mmodzi koma mbale wake wausiwa ndi wanjala amangomuuza kuti apite mumtendere. Chikhulupiriro chotero, akutero Yakobo, ngakhale ziwanda zili nacho. Ndipotu Paulo yemweyo pa Aefeso 2:10, vesi lotsatira kumene ndime imene mwatchula ija, akunena kuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino.

Za khadi, ilo ndi la dongosolo la mpingo wooneka, ndipo chilango cholinga chake n'kubweza wolakwa, monga tikuonera pa Mateyu 18:15-17 ndi 2 Akorinto 2:6-8. Mkulu amene watenga khadi n'kulengeza kumene munthu wapita wadutsa malire a udindo wake.

A Banda, katekisti, ku Balaka:

Ndikuthokoza a Phiri chifukwa cha kufotokoza kwawo, ndipo pa nkhani ya Pelagius palibe chimene ndingatsutse. Ndalowererapo chifukwa abale ambiri amaganiza kuti ife Akatolika timaphunzitsa kuti munthu amagula kumwamba ndi ntchito zake, pamene Mpingo sunaphunzitsepo zimenezo. Msonkhano wa ku Orange, kumwera kwa France, m'chaka cha 529 unakana ngakhale maganizo apakatikati akuti munthu ndiye amaponya phazi loyamba ndipo Mulungu amangomalizitsa. Unanena kuti chiyambi chenicheni cha chikhulupiriro, ngakhalenso kufuna kukhulupirira, ndi mphatso ya Mzimu Woyera. Msonkhano wa mabishopu a Mpingo wa Katolika ku Trent, m'chikalata chake cha m'chaka cha 1547 chonena za kulungamitsidwa, unalemba momveka kuti palibe chilichonse chimene chimatsogola kulungamitsidwa, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingachititse munthu kukhala woyenera kulandira chaulere chimenechi, kutanthauza chisomo.

Pamene timasiyana ndi abale athu a Chiprotestanti ndi pa chimene chimachitika munthu akalungamitsidwa. Iwo amatsindika kuti Mulungu amamuyesa wolungama chifukwa cha chilungamo cha Khristu chimene chawerengedwa kwa iye, ndipo kuyeretsedwa amakuika padera ngati chipatso chotsatira. Ife timati kulungamitsidwa ndi kukhululukidwa kwa machimo pamodzi ndi kukonzedwanso kwa munthu wamkati, ndipo chaulere choyeretsa chimene timalandira mu Ubatizo chimamusinthadi munthuyo, kotero kuti angathe kugwirizana nacho kapena kuchikana. N'chifukwa chake timakonda Afilipi 2:12-13, pamene Paulo akuti tigwire ntchito ya chipulumutso chathu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti Mulungu ndiye amene akuchita mwa ife kufuna ndi kuchita komwe. Tikamanena za mphotho ya ntchito zabwino, timatsata Augustine yemwe uja, amene anati Mulungu akamaveka korona zoyenera zathu amakhala akuveka korona mphatso zake zomwe.

Kusiyana kumeneku kulipo ndithu, koma si kwakukulu monga ankakuonera makolo athu. Pa 31 Okotobala 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo kuti Mzimu Woyera amene timalandira ndiye amatikonzekeretsa kuchita ntchito zabwino. Amethodisti anavomereza chikalatachi m'chaka cha 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed linachita chimodzimodzi m'chaka cha 2017 ku Wittenberg.

Mayi NaMwale, nkhani ya khadi imatikhudza nafenso, chifukwa munthu akamwalira akuluakulu a pamphakati amafunsa ngati malemu ankapereka mtulo ndiponso ngati ankalandira masakramenti. Koma dziwani kuti Mpingo umene umalengeza mayina a oyera sunalengezepo dzina la munthu ngakhale mmodzi kuti ali kumoto, pakuti zimene zimachitika pakati pa Mulungu ndi munthu pa mphindi yomaliza sitiziona. Wachifwamba wa pa Luka 23:39-43 analibe mbiri yoti iwerengedwe.

Mayi NaJere, mphunzitsi wa Sande sukulu, ku Ndirande:

Abambo athu awiriwa afotokoza bwino zimene zinalembedwa, koma ine ndikuona kuti chimene chikuphunzitsa akhristu athu tsiku ndi tsiku si katekisma ayi, koma zimene timalankhula. Mwana wa zaka zisanu timamuuza kuti, "Ukapanda kumvera, Mulungu sakukonda," ndipo akakula amamva pamaliro ponse kuti malemu ankapereka mosadumphitsa. Munthu wotero ngakhale aloweze Aefeso 2:8, mumtima mwake amakhala wophunzira wa Pelagius.

Werengani Luka 18:9-14 mofatsa ndipo muone zimene Mfarisi uja anatchula m'pemphero lake: ankasala kudya kawiri pa sabata ndipo ankapereka chakhumi cha zonse zimene ankapeza. Sananame ayi, zinthuzo ankachitadi, ndipo ndi zomwezo zimene timawerenga pa mbiri ya malemu. Komabe Yesu ananena kuti amene anapita kwawo atayesedwa wolungama anali wamsonkho, amene anaima patali n'kumadziguguda pachifuwa popempha chifundo. Sindikuti tileke kuyamikira okhulupirika, koma woyamikirayo anene poyera amene anawapatsa kukhulupirikako.

Palinso amene amalalikira kuti ukabzala mbewu ya ndalama mwakutimwakuti ndiye kuti Mulungu atsegula makomo ako. Zimenezi sizikusiyana kwenikweni ndi malonda a zikalata za chikhululukiro amene Martin Luther anatsutsa m'chaka cha 1517, ndipo Petro anayankha kale pa Machitidwe 8:20 pamene Simoni anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Kumbali ina kuli achinyamata amene ukawadzudzula amayankha kuti tili m'nyengo ya chisomo. Amenewo ndimawawerengera Tito 2:11-12, pamene akuti chisomo chomwecho chimene chabweretsa chipulumutso chimatiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko.

Mayi NaMwale, ku Mponela:

Zikomo nonse. Chimene chatsala kwa ine ndi mawu a a Banda akuti munthu angathe kuchikana chisomo. Kodi munthu amene anakhulupiriradi angathe kutaya chipulumutso chake?

A Phiri, mkulu wa mpingo, ku Dedza:

Apa ndiye mipingo sinagwirizanebe, mayi. Otsatira a Jacobus Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu ku Leiden amene anamwalira m'chaka cha 1609, analemba mfundo zisanu m'chaka cha 1610, ndipo mwa zina ankati chisomo chingathe kukanidwa. Sinodi ya ku Dort, imene inakumana ku Netherlands m'zaka za 1618 ndi 1619, inayankha kuti amene Mulungu wawabadwitsadi mwatsopano amawasunga mpaka kumapeto, motsamira mawu a Yesu pa Yohane 10:28-29 akuti palibe amene angakwatule nkhosa zake m'dzanja lake. Sinodiyo sinanene kuti okhulupirira sagwa. Inatchula Davide ndi Petro mwa mayina, ndipo inavomereza kuti woyera mtima angathe kugwa m'tchimo lalikulu, kumvetsa chisoni Mzimu Woyera ndi kutaya kwa kanthawi chitsimikizo cha chisomo, koma Mulungu samuchotsera Mzimu wake kotheratu, ndipo amamubweza kudzera m'Mawu ndi kulapa.

Msonkhano wa ku Trent unaphunzitsa zosiyana, kuti tchimo lalikulu limachotsadi chisomo cha kulungamitsidwa ngakhale chikhulupiriro chitatsala, ndipo kuti munthu amabwezeredwa kudzera m'Sakramenti la Kulapa. John Wesley, amene anayambitsa Chimethodisti, ankakhulupiriranso kuti wokhulupirira weniweni angathe kugwa mpaka kutayika, ndipo a mbali imeneyi amaloza machenjezo oopsa a pa Ahebri 6:4-6 ndi Ahebri 10:26-29. Ife timawerenga machenjezo omwewo ngati njira imodzi imene Mulungu amasungira anthu ake kuti asagone, ngakhale ndikuvomereza kuti Ahebri 6 ndi ndime yolemera kwa aliyense woima kumbali yathu. A Banda, ngati pa za Trent pali pamene sindinalongosole bwino chiphunzitso cha mpingo wanu, muwongolepo.