Mabawuti a mounting akana kumasuka pa Ipsum, thandizeni abale

Abale a pagulu pano makamaka amene muli ku Harare kuno, ndili ndi Toyota Ipsum yakale ija ya injini ya 3S-FE, ex-Jap. Ndikufuna kusintha timing belt ndisananyamuke wa kumudzi, mukudziwa nokha kuti msewu wa Nyamapanda mpaka Tete sufuna lamba wokayikitsa, ndipo 100,000 km ya pa sitika inadutsa kale. Tayala ndachotsa, makava ndamasula, koma lambayu satuluka osachotsa mounting yakumanja (chogwirizira injini chokhala ndi labala chija) ndiye pamenepo mpamene zavuta, mabawuti ena amasuka bhobho koma awiri akaniratu, limodzi mutu wayamba kubulungika soketi ikungoterereka. Q20, mafuta opopera omasulira dzimbiri aja, ndathira mpaka chitini chapepuka. Makaniko wina ku Gazaland akuti tingowotcha ndi gasi koma ine mtima ukukana poti labala ili pompo. Ndipange bwanji kuti lisaduke mkati?

Mayankho

– Achimwene injini mwaikhazika pa jeke? Ngati ayi ndiye kulemera konse kwa injini kwatsamira pa mabawuti omwewo. Ikani kathabwa pansi pa sampu, jekani pang'ono chabe mpaka muone mounting yapuma, kenako yesaninso. Ambiri amati ndi dzimbiri chonsecho ndi katundu chabe.

– Soketi ya makona 12 muisiye akulu, ndi imene ikudya mutuwo. Pezani ya makona 6, muikhomere ndi hamala ikhale thina, muvale paipi ku handulo. Yambani ngati mukumanga kaye pang'ono dzimbiri lisweke, ndiye muzibweza, kumanga kumasula kumanga kumasula uku mukuthira mafuta. Mukakoka kamodzi ndi ukali liduka basi.

– Jeke ndinaika madala, koma soketi ndi ya 12 yomweyo. Mawa ndidzera ku Kaguvi, msewu wa ogulitsa masipeya uja, ndikasake ya 6. Nanga za moto mukuti bwa?

– Moto umagwira, musamunyoze makanikoyo, bola kuwotcha kwake. Atenthetse chitsulo chozungulira bawuti kuti chifutukuke osati kulunjika pa labala, aphimbe labala ndi mawaya ndi kasanza konyowa, ndipo Q20 yonse ija mupukute kaye imayaka ija. Mounting ngati yang'ambika kale musaimvere chisoni, mugula ina. Galimoto zina zochokera ku Japan zinayenda m'madera a chipale kumene amathira mchere mumsewu, pansi pake mumapeza dzimbiri la zaka.

– Likaduka sikuti zatha iyayi. Pitani ku Magaba, kwa amisiri a zitsulo ku Mbare, akawotcherere nati pa kachidutswa kotsalako, kutentha kwa welding komweko kumalimasula. Easy-out, kachitsulo kozulira bawuti loduka kaja, ndiye ine sindiifuna ngakhale yaulere, ikathyokera mkati dirilo siilowa, mulira. Zikavutitsitsa aboole aike helicoil, kawaya kopota kobwezeretsa mazinga m'dzenje.

– Poti mwatsegula kale sinthirani limodzi water pump ndi tensioner, pa 3S pampu ya madzi ndi ya oyilo zonse zimayendera lamba yemweyo. Mwayi wake injiniyi lamba akaduka mavalavu sagundana ndi mapisitoni, komabe kuima pakati pa Tete ndi Zobue ndi ana m'galimoto si masewera. Pomanga pakani copper grease pa mazinga, ndipo bawuti lowotchedwa lija musalibwezerenso.

– Zikomo nonse. Funso lina, bawuti latsopano ndikagule la nambala yanji ya kulimba, 8.8 likwana kapena ndisake 10.9?

– Onani chizindikiro pamutu pa lakalelo, kapena litengeni likakhale sampulo, ayeze utali ndi mazinga omwe. A ku Japan ambiri mazinga ake ndi ang'onoang'ono, M10 (bawuti la 10 mm) mpata wa mazinga ake umakhala 1.25 mm, mukagula la m'hadiweya la 1.5 muononga dzenje.