Thandizeni: ndingalowe bwanji ntchito yokonza magalimoto apamwamba?

Moni abale ndi alongo kuno ku Joni. Ndine makaniko, ndinaphunzira ku Lilongwe, satifiketi yanga ndi ya TEVETA. Zaka 4 tsopano ndikukonza maminibasi a Toyota Quantum ku Jeppestown, koma mtima uli pa Porsche ndi magalimoto a mpikisano ku bwalo la mipikisano ya magalimoto la Kyalami.

Ndazungulira magalaja atatu ku Sandton, CV ili m'manja. Onse akufuna Red Seal, satifiketi ya kuno ku Joni ya mmisiri amene wakhoza trade test. Bwana wina anandipatsa kompyuta yoyezera injini kuti ndiyese, ine wozolowera kumva vuto ndi khutu, thukuta linangoti kamukamu.

Kodi ndiyambire ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno, kuti aunike pepala langa, kapena ndifunse za trade test ku merSETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito za uinjiniya ndi magalimoto? Alipo anadutsa njira imeneyi? Ngakhale ntchito yonyamula matayala pa timu ya mpikisano ndiyamba nayo.