Zija ndinafunsa za kugwira ntchito ndekha usiku

Abale, masabata atatu apitawo ndinafunsa ngati abwana ali ndi udindo uliwonse pa chitetezo changa, popeza kuno ku UK ndimakonza m'maofesi usiku ndili ndekha nyumba yonse. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Lamulo sililetsa munthu kugwira ntchito yekha. Koma malamulo a 1999 otchedwa Management of Health and Safety at Work Regulations amalamula wolemba ntchito kuunika zoopsa zimene antchito ake angakumane nazo, ndipo bungwe la boma loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito lotchedwa HSE limanena poyera kuti ogwira ntchito okha asaiwalike pa kuunikako. Kampani ikakhala ndi antchito asanu kapena kuposerapo, zimene yapeza iyenera kuzilemba. Ifetu tilipo ambiri, koma pepala lotere kunalibe.

Nditawaonetsa zimenezi, abwana anabwera usiku wina n'kuzungulira nane malo onse. Tinaima nthawi yaitali pa masitepe otsikira kuchipinda chapansi, komwe foni sigwira netiweki. Ndinawafunsa kuti, "Bwana, nditaterereka pano ndi ndowa ya madzi, angandipeze ndani kusanache?" Anakhala chete, kenako anayamba kulemba. Mtima wanga unakhala pansi pomwepo.

Pano chipinda chapansicho ndimakonza madzulo anthu asanaweruke. Andipatsa kachipangizo kovala m'khosi kamene kamaitana thandizo ndikagwa, ndipo pali munthu amene amandiimbira 11 koloko ndi 2 koloko usiku. Ndikapanda kuyankha, amatumiza wina kudzandiona. Kukwera makwerero ndili ndekha andiletsa.

Chatsala ndi maphunziro a chithandizo choyamba. Akuti mwezi wamawa, ndipo ndiwakumbutsa mpaka achitike.