Kodi St Albans ndingapite nawo mayi pa sitima?

NaBanda:
Abale, ndithandizeni. Mayi anga abwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu, koma London yawatopetsa kale. Akuti anthu akuno amayenda ngati awathamangitsa njuchi. Loweruka ndikufuna akapume ku St Albans, tauni ya kufupi ndi London, akaone msika ndi tchalitchi. Vuto ndi bondo lawo lakumanzere. Kuchoka pa siteshoni kukafika kumashopu n'kutali?

Mjomba wa ku Luton:
Achemwali, mwasankha tsiku labwino, msika umakhalapo Lachitatu ndi Loweruka mu St Peter's Street. Kwerani sitima ya Thameslink pa siteshoni ya St Pancras ku London, yothamanga imatenga mphindi pafupifupi 20. Mutsike pa St Albans City. Musasokoneze ndi St Albans Abbey, imeneyo ndi ya kanjanji kochokera ku Watford Junction, ndipo ili m'munsi mwa Holywell Hill, chitunda choti bondo la mayi lingakutukwaneni. Oyster, khadi yolipirira ulendo mu London, siigwira ku St Albans, gulani matikiti. Victoria Street, msewu wochoka pa siteshoni ya City kupita kumashopu, nayo ndi yokwera pang'onopang'ono, ine ndimayenda mphindi 15, inu kwerani basi kapena takisi pa siteshoni pomwepo.

NaPhiri:
Ine ndinapita ndi apongozi chaka chatha. Ndinakonza zoti tikaone zipupa za Aroma ku Verulamium Park, koma sitinafikeko. Anangoona mashopu a charity aja basi, amvekere "kaunjika wopachika pa hang'ala!" Maola awiri anathera pomwepo, anatuluka ndi majuzi atatu ndi chipewa cha abambo akunyumba. Pamsika ankafuna kunenerera mtengo wa tomato, ine manyazi, wogulitsa kumangoseka. Ndiye musadzaze pulogalamu, mayi adzasankha okha.

Tchalitchi chokha musachiphonye. Kulowa n'kwaulere, mipando ndi yambiri, ndipo nsanja yake anamangira njerwa zimene anagumula mumzinda wakale wa Aroma. Apongozi atamva kuti Alban, mwini dzina la tauniyi, anaphedwa chifukwa chobisa wansembe, anakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kuyamba kupemphera m'Chichewa.

Mjomba wa ku Luton:
Ndinaiwala, Clock Tower, nsanja ya wotchi ya m'tauni, ili ndi masitepe 93 opanikizika. Mayi angoijambula ali pansi.

NaBanda:
Zikomo nonse. Ndawawerengera zimenezi, za Aroma sanayankhepo kanthu, angofunsa ngati majuziwo alipo a saizi yawo.