Thandizeni: tebulo la oval limakhala lotani kwenikweni?

Moni nonse akuluakulu pagulu pano. Ndine kalipentala kuno ku Mangochi, ndipo pali ntchito ina yomwe yandiimitsa mutu. Mayi ena omwe ali ndi malo ogona alendo cha kunyanjaku akufuna tebulo lodyerapo la oval, m'litali mamita 2, m'lifupi mita 1, la matabwa a mlombwa.

Vuto lili pa liwu limeneli. Dikishonale ya mwana wanga ikuti oval ndi chinthu chooneka ngati dzira, pomwe dzira mbali imodzi limakhala losongokera. Koma pa zithunzi zomwe ndaona pa foni, matebulo ake mbali zonse ziwiri n'zofanana, ndipo ena akuwatchula kuti ellipse. Mayiwo nditawafunsa anangoti "lozungulira koma lotalikirako." Panopa ali ku Lilongwe, foni yawo sikupezeka. Ndayesa kujambula pa pulayiwudi ndi misomali iwiri ndi chingwe, chatuluka chofanana mbali zonse, chokongola ndithu. Koma mlombwa ndi wodula, sindingaucheke mongoganizira.

Inu odziwa bwino Chingerezi, munthu akati oval pa nkhani ya tebulo amatanthauza chiti? Kodi oval ndi ellipse n'chimodzimodzi? Nanga akalipentala anzanga, misomaliyo mumaitalikitsa bwanji kuti muyesowo utuluke ndendende? Chonde ndithandizeni, tebuloli akulifuna Loweruka likubwerali.