Ndalama za mliri zafika: tisunge chakudya kapena thumba la ndalama?

Mlembi: Moni nonse. M'bale wathu wa kunja uja watumiza ndalama, zalowa mu akaunti ya gulu dzulo. Akuti zidzathandize mabanja athu ovutika a m'tauni kukadzagwa mliri wina. Komiti ikuganiza zochita lendi chipinda, tigule chakudya chosaonongeka msanga n'kusunga. Maganizo anu.

Mphunzitsi: Zikomo a Mlembi, koma zosunga chakudyazo ine ayi. Tikumbuke 2020. Chakudya m'misika chinalipo, chimene chinasowa ndi ndalama yogulira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Malichi kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, oyamba kugwa anali odya za tsiku lomwelo: aganyu, ogulitsa m'mbali mwa msewu, ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Mabwana anangoti bakhalani kaye kwanu, osawapatsa kanthu. Mu Epulo chaka chomwecho bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linati anthu 1.6 biliyoni a ntchito zosalembedwa anali pangozi yotaya podyera.

Mphunzitsi: Munthu wa m'tauni alibe munda. Zonse n'zogula, madzi ndi moto wophikira womwe, ndipo landilodi sadikira kuti mliri uthe. Mukamupatsa thumba la chakudya, theka agulitsa motchipa kuti asatulutsidwe m'nyumba.

Mayi Wamsika: Zoona aphunzitsi. Ine makasitomala atasiya kubwera, katundu ankandiwolera pa benchi. Ndinayamba kudya mpamba, kenako ndinagulitsa foni. Ana ankadya kamodzi patsiku, ine n'kumawauza kuti ndadya kale kumsika. Mpaka lero ndimaoda pa ngongole.

Amalume: Musanapite patali. Zimene tinasonkha mu 2020 zija zinathera kuti?

Msungichuma: Amalume, imeneyo tinaikamba kale pa msonkhano. Zinagula sopo, zidebe ndi mamasiki.

Amalume: Malisiti tinaona a zidebe okha. Pa mndandanda wa olandira panali anthu olandira malipiro a pamwezi, ana amasiye a achimwene anga osalembedwa.

Msungichuma: Nthawi imeneyo msungichuma sindinali ine. Musandipake matope.

Amalume: Mukomiti munalimo.

Mphunzitsi: Amalume, funso lanu ndi lomveka, ndipo likugwirizana ndi zimene ndikunenazi. Chipinda chodzaza chakudya chimafuna mlonda, makiyi ndi wogawa, ponsepo ndi pobera. Ndalama ya pa foni imasiya umboni, aliyense angaone kuti yapita kwa ndani, tsiku liti. Dziko la Togo linachita zomwezi mu Epulo 2020 ndi pulogalamu ya Novissi. Ankatumiza ndalama pa foni kwa anthu a ntchito zosalembedwa, ndipo amayi ankalandira zochulukirapo kuposa abambo.

Wachinyamata: Koma aphunzitsi, ndalama yongokhala mu akaunti imatha mphamvu zinthu zikamakwera mtengo. Mliriwo ukadzabwera patapita zaka 10 idzagula chiyani?

Mphunzitsi: Nanga chakudya chingakhale zaka 10 osafumbwa? Ndalamayo izizungulira. Tizibwereketsa kwa a mabizinesi ang'onoang'ono ngati mayiwa, gawo lina lisamakhudzidwe. Lipoti la 2021 la bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO ndi anzake linati mu 2020 anthu pakati pa 720 ndi 811 miliyoni pa dziko lonse anagona ndi njala. Banja limene lili ndi mpamba limapirira milungu ingapo, lopanda limagwa sabata yoyamba.

Achemwali: Kubwereketsa? Amene anatenga ngongole ya gulu ulendo watha uja anabweza angati? Ena ali muno, akuwerenga mwakachetechete.

Mayi Wamsika: Achemwali, ngati mukunena ine tchulani. Yanga ndinamaliza, a Msungichuma ndi mboni.

Achemwali: Sindinatchule munthu.

Wachinyamata: Komanso amene salipira chopereka cha pamwezi adzalandira nawo?

Mphunzitsi: Amene salipirawo ambiri ndi osowa omwe mwini ndalama akunenawo. Tikawachotsa titsala ndi ndani?

Wapampando: Abale, tiyeni tilemekezane. Tikumane Loweruka tivote.

Amalume: Bambo Wapampando, popanda malisiti a 2020 ine sindivota, ndipo ndimuimbira ndekha mwini ndalamayo.

Mlembi: Mwini ndalamayo akufuna yankho pofika Lachisanu, osati Loweruka. Ndimuuze chiyani?